Masitepe a khoti lakale la ku St. Louis

Kwathu mlandu umakambidwa pabwalo. Amfumu ndi nduna zawo amakhala pamipando pansi pa kachere kapena mtengo wa mango, ife ena timakhala pansi, ndipo munthu wodutsa ndi njinga yake atha kuima n'kumvetsera mpaka chigamulo chiperekedwe. Ngakhale makhoti a njerwa a m'tauni timawatchulabe kuti bwalo la milandu, ngati kuti lilime lathu likukana kuiwala kuti chilungamo chiyenera kuchitikira poyera. Ndinakula ndi chithunzi chimenecho m'mutu, ndipo ndi chimene ndinapita nacho ku St. Louis, m'chigawo cha Missouri ku America, komwe ndinakacheza kwa mphwanga amene akuphunzira kumeneko.

Alendo ambiri amapita mumzindawu kukaona Gateway Arch, chiuta chachikulu chachitsulo chimene chinamalizidwa mu 1965 m'mphepete mwa mtsinje wa Mississippi. N'chachitali mamita 192. Ukaima kumadzulo kwake n'kuyang'ana kumtsinje, umaona kuti miyendo yake iwiri yaika pakati nyumba ina yoyera, ya zipilala zikuluzikulu ndi denga lobulungira lobiriwira. Imeneyo ndiyo Old Courthouse, khoti lakale. Mphwanga ankafuna tithamangire pamzere wokwera chiutacho. Ine ndinamupempha kuti tiyambe taona khotilo, ndipo tsiku lonse linathera pomwepo.

Ku America zigawo zambiri zimagawidwa m'madera otchedwa county, ofananako ndi maboma athu monga Dedza kapena Ntcheu. Likulu la county limadziwika ndi khoti lake. M'menemo ndimo ankaweruzira milandu, kulembetsa malo, kutsimikiza mawilo a anthu omwalira, ndiponso kuchitira misonkhano ya anthu onse. Malo a khoti la St. Louis anaperekedwa mu 1816 ndi anthu awiri olemera a mumzindamo, Auguste Chouteau ndi J.B.C. Lucas, ndipo anaika mfundo yoti malowo akhale a khoti mpaka kalekale. Nyumba yoyamba, ya njerwa, inatha mu 1828. Sipanapite zaka khumi, inali itachepa kale, chifukwa sitima zoyendera nthunzi zinkakocheza pa St. Louis usana ndi usiku, malonda a zikopa ndi katundu wina akukula, anthu akuchuluka, milandu nayo ikuchuluka. Mu 1839 anayamba kumanga ina pa pulani ya Henry Singleton: mapiko anayi otambasuka ngati mtanda, kum'mawa, kumadzulo, kumpoto ndi kummwera, onse okumana pa chipinda chachikulu chozungulira chapakati.

Kamangidwe kake n'kotengera akachisi a Agiriki akale. Zipilala zakutsogolo n'zonenepa, zosakongoletsedwa kumutu, zasenza chipumi cha nsonga zitatu. Aamerika a nthawiyo ankakonda mamangidwe otere pa makhoti ndi mabanki, popeza ankadziona ngati olowa m'malo mwa anthu amene anayambitsa ulamuliro wa anthu ambiri. Ndipo kunena zoona, nyumbayo imagwira ntchito imene anaimangira. Ukaima pansi pa zipilalazo umadzimva kuchepa, mawu amatsika okha, chipewa umavula wopanda wokuuza.

Koma musanalowe, imani kaye pamasitepe.

Pakhomo la khoti limeneli ankagulitsapo anthu. Ndinkadziwa kale kuti ku Missouri kunali ukapolo, ndipo ndinkaganiza za amalonda ankhanza okhala ndi makola awo kuseri kwa misewu. Analipodi, monga Bernard Lynch, amene ankasunga akapolo pafupi ndi khoti lomweli. Chimene sindinachiganizire n'choti amene ankagulitsa anthu pamasitepewa linali khoti lenilenilo. Mwini akapolo akamwalira ali ndi ngongole, kapena ana ake akalephera kugwirizana pogawana chuma, woweruza ankalamula kuti katundu agulitsidwe pa okushoni pakhomo la khoti, ndalama zigawidwe. Ife nkhani za chuma cha masiye timazidziwa bwino. Tinaonapo abale akulimbirana ng'ombe, malata, njinga, ngakhale mbale za m'khitchini, maliro asanaiwalike n'komwe. Tsono taganizirani kuti pamndandanda wa katundu wa malemuyo, pambali pa akavalo ndi mipando, palembedwanso mayi ndi ana ake awiri, aliyense ndi mtengo wake. Ng'ombe zisanu zimagawika pakati pa ana atatu movutikira. Mayi mmodzi sagawika, choncho ankamugulitsa kwa amene wapereka zambiri, ana ake n'kupita kwa wina.

Panalibe chobisika pamenepa. Pakhomo la khoti ndi pomwe lamulo linkati katundu wolandidwa azigulitsidwira, kuti aliyense aone kuti palibe chinyengo. Mu December 1878, ukapolo utatha kale, mtolankhani Joseph Pulitzer anagula nyuzipepala ya Dispatch pamasitepe a khoti lomweli pa mtengo wa madola 2,500. Ndondomeko imene inagulitsa nyuzipepala yogwa ndi ngongole ndi yomweyo imene inkagulitsa anthu zaka makumi awiri m'mbuyomo. Izi zinandisokoneza kwambiri, ine amene ndinabwera ndi chikhulupiriro chakuti zochitikira poyera zimakhala zolungama. Apa panali poyera zedi, dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa kupita kumsika.

Ndili pamasitepepo maganizo anandithawira ku Nkhotakota. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdullah anali akukhazikika kumeneko, ndipo anthu athu ankaolotsedwa nyanja pa madawo kulowera ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero. Iwo njira yawo inali ya kum'mawa, sanafike ku Missouri. Koma munthu amene anaimapo pansi pa mkuyu wa ku Nkhotakota sangaime pamasitepe a St. Louis ngati mlendo wamba wojambula zithunzi.

Chodabwitsa cha nyumbayi n'choti mkati mwake munalinso khomo lina, laling'ono, lotulukira mu ukapolo. Lamulo la Missouri linkalola kapolo kukasumira mbuye wake ngati ali ndi umboni woti akusungidwa mosayenera. Ankaloledwa kusuma ngati mmphawi, khoti n'kumupatsa loya. Kuyambira pa mlandu wa mayi wina dzina lake Winny mu 1824, makhoti a m'chigawochi ankatsata mfundo yakuti kapolo amene mbuye wake anakakhala naye kudera loletsa ukapolo wamasuka, ndipo akamasuka kamodzi wamasukiratu, ngakhale atabwezedwa ku Missouri. Milandu yotere yopitirira 300 inalembedwa m'makhoti a St. Louis, ndipo opambana sanakwane theka. Kusuma kunali kuika moyo pachiswe. Mtsikana wina, Lucy Delaney, anakhala m'ndende miyezi 17 akudikira mlandu wake, osati chifukwa cholakwa, koma kuti amene ankati ndi mwini wake asamuzembetse n'kukamugulitsa kummwera. Anapambana mu 1844. Amene anamuyankhulira anali Edward Bates, yemwe pambuyo pake anadzakhala mkulu wa zamalamulo m'boma la Abraham Lincoln.

Khomo limeneli ndi limene Dred Scott ndi mkazi wake Harriet anagogodapo. Dred anabadwira ku Virginia cha m'ma 1799, ali kapolo wa banja la Peter Blow, ndipo anagulitsidwa kwa dokotala wa asilikali, John Emerson. Dokotalayo anapita naye ku Fort Armstrong m'chigawo cha Illinois, kenako ku Fort Snelling, komwe lero ndi Minnesota. Konseko ukapolo unali woletsedwa. Ku Fort Snelling ndi kumene anakumana ndi Harriet Robinson n'kumanga banja. Mwana wawo woyamba, Eliza, anabadwira pa sitima pa mtsinje wa Mississippi mu 1838. Wachiwiri anali Lizzie. Emerson atamwalira mu 1843, banja lonseli linatsala m'manja mwa mkazi wake Irene, amene ankawabwereketsa kwa anthu ena kuti azigwira ntchito, malipiro n'kumalandira iye. Dred anayesa kudziombola ndi ndalama, mayiyo anakana.

Mbiri imatchula kwambiri dzina la Dred, koma ine mtima wanga uli pa Harriet. Lamulo la ukapolo linkati mwana amatsata mayi: mayi akakhala kapolo, mwana ndi kapolo, kaya bambo ake ndi ndani. Kwa ife Achewa, kunena kuti ana ndi a kuchikazi ndi mawu otonthoza. Amatanthauza kuti mwana ali ndi kwawo, ali ndi malume, ali ndi mbumba yomuyang'anira. Kumeneko mfundo yomweyo inali unyolo wodutsa m'mimba mwa mayi kupita kwa mwana. Harriet ankadziwa kuti ana ake aakazi akukula, akufika msinkhu umene ogula ankaufuna, ndiponso kuti ufulu wawo unali pa iye osati pa bambo awo. N'chifukwa chake pa 6 April 1846 panaperekedwa zikalata ziwiri, china cha Dred, china cha Harriet. Onse awiri sankadziwa kulemba. Anasaina ndi chizindikiro cha X. Mu 1850 maloya anagwirizana kuti mlandu wa Dred wokha ndiwo upitirire, chigamulo chake chidzagwirenso Harriet, ndipo dzina la mayiyu linazimirira pamutu wa mlandu kuyambira pamenepo.

Tsiku limene anabwera kudzasuma, nyumbayi sinkaoneka ngati mmene ikuonekera lero. Denga lalitali lobiriwiralo kunalibe. Pamwamba panali lina lalifupi. Kum'mawa kunali kudakali nyumba yakale ija ya njerwa ya 1828, yomwe inagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850 pamene Robert S. Mitchell anatenga ntchito yomanga. Dred ndi Harriet analowa pamalo a fumbi, miyala yosema ndi phokoso la amisiri.

Mlandu unazengedwa pa 30 June 1847, m'chipinda chapansi cha phiko la kumadzulo, ndipo anagonja pa chifukwa chimene chimandiwawa ndikachiganizira. Ankayenera kutsimikizira khoti kuti Irene Emerson ndi amene akuwasunga ngati akapolo. Mboni yawo, Samuel Russell, inanena kuti inawabwereka kwa mayiyo, koma itapanikizidwa ndi mafunso inavomera kuti amene anakambirana zonse anali mkazi wake, iyo inangomva. Khoti linati zimenezo n'zakumva. Anthu awiri aima pamaso pa woweruza, mzinda wonse ukudziwa amene amadya thukuta lawo, koma akubwezedwa kwa mayi yemweyo chifukwa sanathe kutsimikiza kuti ndiye amawasunga. Woweruza, Alexander Hamilton, analola kuti mlandu uzengedwenso. Pa 12 January 1850, m'chipinda chomwecho, gulu la azungu 12 ogamula mlandu linati banja la Scott ndi mfulu.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo uwu sunaoledi. Irene Emerson anachita apilo. Mu 1852 khoti lalikulu la Missouri, oweruza awiri kutsutsana ndi mmodzi, linataya mfundo imene linaitsata kwa zaka 28, ponena poyera kuti nthawi zasintha ndipo Missouri sakakamizidwa kulemekeza malamulo a madera odana ndi ukapolo. Mlandu unalowa m'makhoti a boma lalikulu, tsopano wosumiridwa ali mchimwene wa mayiyo, John Sanford. Pa 6 March 1857 khoti lalikulu la dziko lonse, oweruza 7 kutsutsana ndi 2, linagamula kudzera mwa mkulu wa oweruzawo, Roger Taney, kuti munthu wakuda, kaya kapolo kaya mfulu, sangakhale nzika ya America, choncho alibe mphamvu yosuma m'khoti la boma lalikulu, komanso kuti nyumba ya malamulo inalibe mphamvu yoletsa ukapolo m'madera atsopano. Patatha zaka zinayi dziko linali pa nkhondo yapachiweniweni. Zinatengera kusintha malamulo aakulu a dziko, mu 1865 ndi mu 1868, kuti chigamulocho chifafanizike.

Ndinafunsa mmodzi wa oyang'anira malowa kuti andilozere chipinda chimene mlanduwo unazengedwera. Anandiuza kuti chipindacho, mmene chinalili, kulibenso. Chinali chachikulu kwambiri, ndipo denga lake linayamba kulendewera chifukwa cha kulemera kwa chipinda chapamwamba. Mu 1855 amisiri anachidula, kuikamo makoma ndi nsanjika ina kuti phikolo lisagwe. Ndiye kuti pamene oweruza a ku Washington ankalemba chigamulo chawo, chipinda chimene banjali linamva mawu akuti ndinu mfulu chinali chitasinthidwa kale. Zipinda ziwiri zoweruzira zimene alendo amaona pamwamba, zokonzedwa bwino ndi mipando yake yokhotakhota, n'zokongola ndithu, koma si mmene munachitikira zimenezi. Ndinaima m'phiko la kumadzulolo nthawi yaitali, ndikuyesa kuchotsa makoma m'maganizo mwanga.

Za denga lobulungira sindinganame, linandigwira mtima. Analikonza ndi William Rumbold, potengera la tchalitchi cha St. Peter ku Rome, ndipo linatha mu 1862, nkhondo ili mkati, lisanathe la nyumba ya malamulo ku Washington lomwe limafanana nalo. Mafupa ake ndi achitsulo, kunja anakuta ndi mkuwa, ndipo kubiriwira kumene timaona lero ndi mkuwawo utadyedwa ndi mvula ya zaka zambiri. Nthawi imeneyo kumanga denga lotere ndi chitsulo chinali chinthu chachilendo, moti ena ankaopa kuti lidzagwera anthu. Rumbold anachita kupanga kachitsanzo kakang'ono n'kukasenzetsa katundu wolemera kuti okayikawo akhulupirire. Kuchokera pansi kufika pansonga ndi mafiti 192, pafupifupi mamita 59, ndipo kwa zaka zoposa 30 panalibe nyumba ina mumzindamo yoposa pamenepo, kufikira siteshoni ya sitima ya Union Station itamangidwa mu 1894.

Ukalowa n'kuima pakatikati pa chipinda chozungulira, khosi limapindika lokha. Makonde ozungulira asanjikizana kukwera m'mwamba, lililonse ndi zipilala zake, ndipo kuwala kumatsika kuchokera pansonga penipeni. Zipilalazo zimaoneka ngati za mtundu umodzi chifukwa cha penti, koma zina ndi zamwala, zina zachitsulo, zina zamtengo. Mphwanga anagogoda ziwiri ndi chala, mawu ake anali osiyana. Chipinda chimenechi chinali bwalo la mzinda wonse. Mu 1849 munachitikira msonkhano waukulu wokambirana za njanji yodzafika kunyanja ya Pacific, pomwe seneta Thomas Hart Benton anayankhula. M'mwamba muli zithunzi zinayi zimene Carl Wimar, mmisiri wobadwira ku Germany, anajambula mu 1862 akudwala chifuwa chachikulu, ndipo anamwalira chaka chomwecho atangomaliza. Chimodzi chikuonetsa De Soto, wofufuza malo wa ku Spain, akufika pa Mississippi, china kukhazikitsidwa kwa St. Louis, china nkhondo ya 1780 pamene mzindawu unaukiridwa, china mpata wa m'mapiri a Rocky wolowera kumadzulo. Umo ndi mmene mzinda unkafunira kudzikumbukira: ofika, omanga, odziteteza, opita patsogolo. Za anthu aja amene anabwera kudzapempha ufulu kukhotili, pa zithunzi zinayizo palibe chimene chinaperekedwa kwa iwo.

Panadutsanso mayi wina pakhomoli amene sindingamudumphe. Mu October 1872 Virginia Minor anapita kukalembetsa kuti adzavote, ndipo wolembetsa, Reese Happersett, anamukana chifukwa anali mkazi. Lamulo silinkalola mkazi wokwatiwa kusuma payekha, choncho anasuma pamodzi ndi mwamuna wake Francis, amene anali loya. Mlandu unamvedwa m'nyumba muno mu 1873, anagonja, ndipo mu 1875 khoti lalikulu la dziko linagwirizana lonse kuti kukhala nzika sikupatsa munthu ufulu wovota. Amayi a ku America anadikira mpaka 1920.

Zotsatira zake n'zachidule. Mu 1876 anthu anavota kuti mzinda wa St. Louis upatukane ndi county yake, likulu la county linasamukira ku Clayton, nyumbayi n'kutsalira mzinda. Mu 1930 makhoti anasamukira kunyumba yatsopano yosanja. Zidzukulu za Chouteau ndi Lucas zinakasuma kuti malo abwerere kubanja, poti sakugwiranso ntchito imene makolo awo anaperekera, koma zinagonja. Mu 1940 mzinda unapereka nyumbayi ku boma lalikulu, ndipo kuyambira pamenepo ili m'manja mwa National Park Service, nthambi ya boma yosamalira malo a mbiri ndi zachilengedwe. Inatsekedwa mu 2020, n'kutsegulidwanso mu May 2025 itakonzedwa, tsopano ili ndi chikepe chokwezera anthu amene sangathe kukwera masitepe, ndiponso chipinda chofotokoza za banja la Scott.

M'chipinda chimenecho ndi mmene ndinawerenga mosamala za mapeto a nkhani yawo. Irene Emerson anali atakwatiwanso ndi Calvin Chaffee wa ku Massachusetts, phungu wa nyumba ya malamulo wodana ndi ukapolo. Chigamulo chitatuluka, nyuzipepala zinamuvula pomunena kuti kapolo wotchuka kwambiri m'dziko ali m'manja mwa banja lake. Mwamsangamsanga banja la Scott linaperekedwa kwa Taylor Blow, mwana wa mbuye woyamba wa Dred, amene anakulira naye limodzi ndipo abale ake anathandiza kulipira mlanduwo. Pa 26 May 1857 Blow anabwera nawo kukhoti lomweli, pamaso pa woweruza Hamilton yemwe uja, n'kusaina zikalata zowamasula onse anayi. Panali patatha zaka 11 chiperekere madandaulo awo.

Dred anagwira ntchito yonyamula katundu wa alendo pa hotela ya Barnum's. Anakhala mfulu chaka chimodzi ndi miyezi yosakwana inayi, n'kumwalira ndi chifuwa chachikulu pa 17 September 1858. Harriet ankachapa zovala za anthu, anaona ukapolo ukutha ku Missouri mu January 1865, ndipo anamwalira mu 1876. Eliza ndi Lizzie sanagulitsidwe.

Titatuluka dzuwa linali litapendeka. Panja pa khoti pali chiboliboli cha mkuwa cha Dred ndi Harriet, chimene Harry Weber anaumba ndipo chinaimikidwa mu 2012. Aima moyandikana, agwirana manja, mitu ili chilili. Mphwanga anayang'ana wotchi n'kundiuza kuti matikiti okwera chiuta atha, tibwerenso mawa. Ndinamuuza kuti palibe kanthu. Tinazungulira kum'mawa, n'kukhala pansi pa sitepe yachitatu, nkhope zathu zitaloza kumtsinje.